MAYI WA NYENYEZI ZINAYI: MBIRI YA JENERALE ANN DUNWOODY

Madzulo ano ndakutengerani mbiri ya mayi wina wa ku America amene adagwira ntchito ya usilikali kuyambira m'chaka cha 1975 kufikira 2012, nakwera mpaka pa udindo umene mkazi aliyense m'dziko lakelo adali asanaufikepo. Dzina lawo ndi Ann Dunwoody.

Ndiyambe ndi kumasulira mutu wa nkhani yathu, pakuti ena mungadabwe kuti nyenyezi zikulowa bwanji m'nkhani ya asilikali. Ku America, akuluakulu a nkhondo otchedwa majenerale amadziwika ndi tinyenyezi tachitsulo timene amavala pa mapewa. Wa nyenyezi imodzi amatchedwa Brigadier General, wa ziwiri Major General, wa zitatu Lieutenant General, ndipo wa zinayi amangotchedwa General, popanda mawu ena owonjezera. Nyenyezi zisanu zidapatsidwa kwa anthu owerengeka okha amene adatsogolera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kotero kuti kwa msilikali wa masiku athu ano nyenyezi zinayi ndiye pamathero. Gulu la nkhondo la America lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1775, ndipo padapita zaka 233 mkazi asanavalepo nyenyezi zinayizo. Woyamba kuzivala adali Mayi Dunwoody, pa 14 Novembala, 2008.

MWANA WA MSILIKALI

Ann adabadwa pa 14 Januwale, 1953, ku Fort Belvoir, malo a asilikali m'chigawo cha Virginia. Bambo ake, a Harold Dunwoody, adali msilikali amene adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nkhondo ya ku Korea ndiponso ya ku Vietnam. Adavulalapo ku nkhondo, ndipo popuma pa ntchito adali atavala nyenyezi imodzi. Monga mudziwa, banja la msilikali silizika mizu pamalo amodzi. Lero ali kuno, mawa awatumiza kwina. Motero Ann adakulira m'malo osiyanasiyana, ndipo maphunziro ake a sekondale adakawatsirizira ku Belgium m'chaka cha 1971, kumene bambo ake ankagwira ntchito pa nthawiyo.

M'banjamo mudali mwambo wakale. Ku America kuli sukulu yotchuka yophunzitsa atsogoleri a asilikali, yotchedwa West Point. Agogo a bambo ake a Ann adatsiriza maphunziro pa sukuluyi m'chaka cha 1866. Mwana wawo adatsata, mdzukulu wawo, amene ndi bambo a Ann, adatsatanso, ndipo mlongo wake wa Ann naye adapita komweko. Mibadwo inayi ya amuna a banja limodzi idalowa pa chipata chimodzi. Koma Ann, ngakhale akadafunitsitsa chotani, sakadaloledwa kulowa pa chipatacho, pakuti lamulo la nthawi imeneyo silinkalola atsikana. Atsikana oyamba, okwana 119, adalowa ku West Point m'chaka cha 1976, Ann atatsiriza kale maphunziro ake kwina chaka chimodzi m'mbuyomo.

Kunena zoona, mtsikanayu sankalota n'komwe za usilikali. Mtima wake udali pa masewera. Adakalowa koleji ya ku Cortland m'chigawo cha New York kukaphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ndipo kumeneko ankasewera tenesi ndi masewera ena ojowajowa ndi kupinda thupi. Ine amene ndikulankhula nanu ndidadzera ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndikudziwa maloto a wophunzira wotere: kalasi lakelake, ana akeake, ndi bwalo la masewera masana. Amenewa ndiwo adali maloto a Ann.

Chimene chidamukokera ku usilikali chidali chinthu wamba. Pa nthawiyo boma la America lidali litangosiya kulemba anyamata usilikali mokakamiza, m'chaka cha 1973, ndipo gulu la nkhondo linkafunafuna anthu odzipereka okha, akazi omwe. Lidakonza zoti mtsikana wa ku koleji amene wavomera kudzagwira ntchito ya usilikali zaka ziwiri azilandira madola 500 pa mwezi m'chaka chake chotsiriza cha maphunziro. Ann adawerengera nati zaka ziwiri si zambiri; adzazigwira, kenaka adzabwerera ku uphunzitsi wake. Motero m'chaka cha 1975 adalandira digiri yake, navala yunifolomu ngati lefutenanti wamng'ono. Zaka ziwiri zija zidasanduka zaka zoposa 37.

MPANDA WA MALAMULO

Kuti timvetse kutalika kwa ulendo umene adauyamba, tiyenera kuona mpanda umene udazinga akazi m'gulu la nkhondo la dzikolo. Akazi adayamba kulembedwa mwaunyinji m'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ili m'kati, kuti agwire ntchito za ukalaliki, za matelefoni ndi zoyendetsa magalimoto, amuna apite kukamenya nkhondo. Adawaika m'gulu lawolawo limene pambuyo pake lidatchedwa Women's Army Corps. M'chaka cha 1948 lamulo lidawalola kukhala asilikali okhazikika ngakhale pa nthawi ya mtendere, koma lamulo lomwelo lidaika malire awiri. Loyamba, akazi asapitirire awiri pa asilikali 100 alionse. Lachiwiri, mkazi asakhale jenerale, ngakhale atagwira ntchito bwino chotani.

Malire amenewa adachotsedwa m'chaka cha 1967 pamene Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo latsopano. Pa 11 Juni, 1970, amayi awiri adavala nyenyezi imodzi tsiku limodzi: Anna Mae Hays, mkulu wa anamwino a asilikali, ndi Elizabeth Hoisington, mkulu wa gulu la akazi lija. Pamene Ann ankalowa usilikali padali patangopita zaka zisanu chichitikire zimenezi, ndipo gulu lapadera la akazi lidali likadalipo. Lidathetsedwa m'chaka cha 1978, akazi nasakanizidwa ndi amuna m'nthambi zosiyanasiyana.

Komabe mpanda wina udatsala, ndipo umenewu ndiwo udali wautali kuposa yonse. Akazi sankaloledwa kulowa m'magulu omenya nkhondo pamaso ndi pamaso, monga asilikali oyenda pansi ndi oyendetsa akasinja. Tsono majenerale ambiri a nyenyezi zinayi ankasankhidwa kuchokera m'magulu omwewo. Mukuona nokha m'mene zinthu zidakhalira: lamulo limati mkazi angathe kukwera mpaka pamwamba, koma makwerero amene amuna ankakwerera adali oletsedwa kwa iye. Ann adayenera kupeza makwerero ena.

NTCHITO YOSAONEKA

Adaikidwa m'nthambi yotchedwa Quartermaster, imene ntchito yake ndi kupezera asilikali zonse zofunika ndi kuzifikitsa kumene iwo ali. Anthu ambiri akamva za nkhondo amaganiza za mfuti ndi kulimba mtima. Koma taganizani za pa ukwati kapena pa maliro kumudzi kwanu. Anthu mazana atatu asonkhana. Amene amaoneka ndi olankhula pabwalo, koma mwambo wonse wagona pa anthu ena amene ali kuseri, amene awerengera kuti ufa ukwana matumba angati, nkhuni zichokera kuti, madzi atunga ndani, miphika ibwerekedwa kwa yani, ndipo alendo a kutali agona m'nyumba ziti. Amenewa akalakwitsa, ngakhale wolankhula akhale waluso chotani, anthu amabalalika ndi njala. Gulu la nkhondo lili chimodzimodzi, kungoti alendo ake ndi zikwi mazanamazana, sakhala masiku awiri okha, ndipo kuwonjezera pa chakudya amafuna mafuta a galimoto, zipolopolo, mankhwala, nsapato, matayala ndi zitsulo zokonzera makina.

Ife kuno ntchito imeneyi tikuidziwa kuchokera kwa makolo athu. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene Angerezi ankalimbana ndi Ajeremani kuno kum'mawa kwa Africa, amuna ambirimbiri a dziko lino adatengedwa kukagwira mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu maulendo a masiku ambiri. Ochuluka adafera m'njira ndi matenda ndi njala. Popanda iwo asilikali a mfuti sakadayenda ngakhale sabata imodzi, koma maina awo sadalembedwe pa zipilala monga a akuluakulu a nkhondo. Ntchito imene Ann adapatsidwa ndi yomweyo ya mtengatenga, yochitika ndi sitima za pamadzi, ndege ndi malole.

Malo ake oyamba adali ku Fort Sill m'chigawo cha Oklahoma, kumene adapatsidwa kagulu ka asilikali okonza magalimoto ndi zida. Taganizani mtsikana wa zaka 23, wongochoka kumene ku koleji, ataimirira pamaso pa amuna amene ena a iwo adayamba usilikali iye akadali ku pulaimale. M'gulu la nkhondo muli dongosolo lodabwitsa: lefutenanti wamng'ono ndiye mkulu pa udindo, koma amene amadziwa ntchito ndi sajeni, munthu wachikulire amene wakhala m'gululo zaka zambiri. Lefutenanti wodzikuza amalamula osafunsa, ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula. Sajeni woipa mtima naye angathe kungokhala chete, kumuonerera mwana akugwa m'dzenje.

Ann adachita mwayi, ndiponso adachita nzeru. Sajeni amene adamupeza kumeneko adamuuza poyera kuti adzamuphunzitsa kufikira atakhala lefutenanti woposa onse, ndipo Ann adatchera khutu. Phunziro lalikulu limene adatola kwa bamboyu lidali lakuti mtsogoleri asadutse pamene pali cholakwika ngati sadachione. Ukaona msilikali wavala mosalongosoka, kapena galimoto yasiyidwa ikudontha mafuta, iwe n'kungopitirira, ndiye kuti wauza onse amene akukuona kuti zimenezo n'zololedwa, ndipo mawa muyeso wa ntchito udzatsikira pamenepo. Mayi Dunwoody atakhala jenerale ankamutchula sajeni ameneyu kawirikawiri m'zolankhula zawo, nanena kuti iyeyo ndiye adawachititsa kukhalabe m'gulu la nkhondo zaka ziwiri zija zitatha. M'mera mpoyamba.

OPINDA MAPARACHUTI

Chinthu china chimene chidamukometsera usilikali chidali kudumpha m'ndege. Adapita ku sukulu ya asilikali odumpha ndi parachuti, chinsalu chachikulu chija chonga ambulera chimene chimamutsitsa munthu pang'onopang'ono kuchokera mumlengalenga. Pambuyo pake adaphunziranso ntchito yopinda maparachutiwo, ndipo adatsogolerapo gulu la opinda maparachuti ku Kaiserslautern m'dziko la Germany.

Ndifuna tiime pang'ono pa ntchito imeneyi, chifukwa ikutionetsa mtundu wa sukulu imene idaumba mayiyu. Parachuti imayalidwa pa tebulo lalitali. Wopinda amayang'ana nsalu yonse ngati ili ndi pong'ambika, amalongosola zingwe zake zambirimbiri kuti pasakhale ziwiri zopiringizana, kenaka amaipinda mwa dongosolo lake ndi kuilonga m'chikwama. Akatha amalemba dzina lake m'kabuku kamene kamayenda ndi parachutiyo kulikonse. Msilikali amene adzaivale mawa sadzaitsegula kuti aone ngati idapindidwa bwino. Adzangoibereka kumsana, nadziponya kunja kwa ndege usiku, atakhulupirira manja a munthu amene mwina sadamuonepo. Chingwe chimodzi chikalakwika, palibe mpata wopepesa. Pa chifukwa chimenechi mwambo wa ntchitoyi umati wopinda aliyense akhale wodziwa kudumpha, ndipo akhale wokonzeka kudumpha ndi parachuti iliyonse imene wapinda yekha. Ndikadakonda mwambo wotere ukadafika m'ntchito zathu zonse, kuti womanga mlatho aziyamba ndiye kuwolokapo, ndi wokonza mabuleki a basi azikwera nawo ulendo woyamba.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adatumizidwa ku Fort Bragg m'chigawo cha North Carolina, kwawo kwa gulu lotchuka la odumpha m'ndege lotchedwa 82nd Airborne Division. Limeneli lidali gulu lonyadira mbiri yake ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo akazi m'menemo adali ochepa kwambiri. Ntchito imene adayamba nayo idali yosunga kaundula wa katundu wa gulu lonse, ntchito ya mapepala imene anthu ofuna kutchuka saikhumbira. Adaigwira mosanyinyirika.

Pa 2 Ogasiti, 1990, dziko la Iraq lidalanda dziko la Kuwait, ndipo gulu la 82nd lidali m'gulu la oyamba kutumizidwa ku Saudi Arabia. Mayi Dunwoody, amene tsopano adali pa udindo wa meja, adapita nawo, ndipo adakhala woyang'anira za maparachuti m'gulu lonselo. Nkhondo imeneyi idasintha maganizo a anthu ambiri ku America, pakuti akazi oposa 40,000 adatumizidwa ku chipululu kuja. Adayendetsa malole, adaulutsa ndege za helikopita, ena adaphedwa ndipo ena adagwidwa ukaidi. Zidaoneka poyera kuti pa nkhondo ya masiku ano mzinga susankha kuti uyu ali kutsogolo, uyu ali kumbuyo.

M'chaka cha 1992 adapatsidwa utsogoleri wa bataliyoni, ndiye kuti gulu la asilikali mazana angapo, m'kati mwa 82nd momwemo. Adali mkazi woyamba kulandira udindo wotere m'gululo. Kuchokera pamenepo adakwera mwa dongosolo, sitepe ndi sitepe, osadumpha ina. Adatsogolera nthambi yopereka katundu ku gulu lina lalikulu ku Fort Drum, adawonjezera maphunziro mpaka kukhala ndi madigiri ena awiri, la 1988 ndi la 1995, ndipo m'chaka cha 2000 adabwerera ku Fort Bragg ngati jenerale woyamba wamkazi pamalopo.

ZAKA ZA NKHONDO ZIWIRI

Pa 11 Sepitembala, 2001, zigawenga zidaomba nyumba zazitali za ku New York ndi likulu la asilikali la Pentagon pogwiritsa ntchito ndege zolanda. Posakhalitsa America idayamba nkhondo ku Afghanistan, dziko la mapiri lopanda doko la panyanja, kumene katundu aliyense amayenera kudzera m'maiko ena kapena mumlengalenga. Gulu la Mayi Dunwoody lidali m'gulu la oyamba kukonza njira zoperekera katundu kumeneko, kudzera ku Uzbekistan. Kuyambira 2002 mpaka 2004 adatsogolera nthambi yoyendetsa katundu yense wa asilikali pa njanji, pa misewu ndi pa madoko, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene akasinja, malole ndi makontena zikwizikwi ankapakiridwa m'sitima kupita ku nkhondo ya ku Iraq ya 2003.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimodzi mosabisa, kuti mbiri yathu isakhale ya mbali imodzi. Nkhondo ya ku Iraq idatsutsidwa ndi anthu ochuluka pa dziko lonse, ndi ku America komwe. Zida zoopsa zimene atsogoleri adati dzikolo likubisa sizidapezeke, ndipo anthu wamba osawerengeka adataya miyoyo ndi nyumba zawo. Katundu amene Mayi Dunwoody ankatumiza adali wa nkhondo imeneyo. M'dziko lawo, monga m'maiko ambiri, oyambitsa nkhondo ndi atsogoleri a ndale, ndipo msilikali amalumbira kumvera boma losankhidwa ndi anthu. Kaya zimenezi zimamuchotsera msilikali mlandu wonse kapena ayi, ndi funso limene anthu oganiza akhala akutsutsana kuyambira kale, ndipo ndikusiyirani inu omvera kuti mulisinkhesinkhe. Chimene tinganene motsimikiza n'chakuti mnyamata kapena mtsikana amene boma lake lamutumiza ku chipululu ayenera kumwa madzi, kudya, ndi kupeza mankhwala akavulala, ndipo udindo woonetsetsa zimenezi udali pa mapewa a mayiyu.

M'chaka cha 2005 adavala nyenyezi yachitatu, nakhala mkulu woyang'anira za katundu ku likulu la gulu lonse la nkhondo. Sadali woyamba pa nyenyezi zitatu. Claudia Kennedy adali atafikapo kale m'chaka cha 1997. Koma pamwamba pa apo padali pasanapondepo mkazi.

TSIKU LA NYENYEZI YACHINAYI

Mu Juni, 2008, Pulezidenti George W. Bush adapereka dzina lawo ku nyumba ya malamulo ya Senate, imene idavomereza mwezi wotsatira. Mwambo udachitikira ku Pentagon pa 14 Novembala. Chipinda chidadzaza, anthu ena n'kuimirira. Amene adawaveka nyenyezizo pa mapewa adali mkulu wa gulu lonse la nkhondo, Jenerale George Casey, pamodzi ndi amuna awo a Mayi Dunwoody, amene nawonso adali atapuma pa udindo wa Colonel m'gulu la asilikali a ndege. Pakati pa anthu padakhala nkhalamba ya zaka 89, bambo awo aja a nyenyezi imodzi, akuonerera mwana wawo wamkazi, amene sadaloledwe kulowa sukulu ya makolo ake, akuvala nyenyezi zimene mwamuna aliyense wa m'banjamo sadazifikepo. Padalinso akulu awo a Mayi Dunwoody, amene adali mmodzi wa akazi atatu oyamba kuulutsa helikopita m'gulu la nkhondo.

Polankhula tsikulo, Mayi Dunwoody adaseketsa anthu ponena kuti palibe amene adadabwa kuposa iwo eni, kupatula amuna awo, pakuti kumbuyo kwa mkazi aliyense wopambana kumakhala mwamuna wodabwa. Adanenanso kuti ngakhale adali oyamba, ankadziwa ndithu kuti sadzakhala otsiriza. Pa nthawiyo akazi adali pafupifupi 14 pa asilikali 100 alionse a gululo, ndipo majenerale aakazi adalipo 21 okha, ochuluka a iwo a nyenyezi imodzi.

Masana a tsiku lomwelo adapita ku Fort Belvoir, malo omwe aja adabadwira, kukalandira utsogoleri wa nthambi yaikulu yotchedwa Army Materiel Command. Eni ake amaifotokoza nthambiyi mwachidule kuti chilichonse chimene msilikali amaombera, amayendetsa, amaulutsa, amavala, amalankhulira kapena amadya chimachokera kwa iwo. Idali ndi antchito pafupifupi 69,000, asilikali ndi anthu wamba, omwazikana m'zigawo zonse 50 za America ndi m'maiko 145. Mtsikana uja amene ankalota kalasi limodzi la ana tsopano ankayang'anira anthu okwanira kudzaza tauni.

Ntchito yovuta kwambiri ya zaka zimenezo idali yobweza katundu kuchokera ku Iraq. Kutumiza katundu ku nkhondo n'kovuta, koma kumubweza n'kovuta koposa, pakuti chinthu chilichonse chiyenera kuwerengedwa, kutsukidwa, ndi kugamulidwa ngati chipite ku Afghanistan kumene nkhondo inkapitirira, chibwerere kwawo kukakonzedwa, kapena chisiyidwe. Apa kaundula uja ankasunga ali meja ku Fort Bragg adaonetsa phindu lake. Asilikali otsiriza adatuluka mu Iraq mu Disembala, 2011. M'chaka chomwecho likulu la nthambi yawo lidasamutsidwa kuchoka ku Virginia kupita ku Huntsville m'chigawo cha Alabama, ntchito ili m'kati osaima. Mu Ogasiti, 2012, Mayi Dunwoody adapereka udindo kwa Jenerale Dennis Via, napuma pa ntchito. M'chaka cha 2015 adatulutsa buku lofotokoza za utsogoleri lotchedwa A Higher Standard.

Mawu awo aja akuti sadzakhala otsiriza adapherezera. Janet Wolfenbarger adavala nyenyezi zinayi m'gulu la asilikali a ndege m'chaka cha 2012, Michelle Howard m'gulu la asilikali a pamadzi m'chaka cha 2014, ndi Laura Richardson m'gulu la asilikali a pamtunda m'chaka cha 2021. Mpanda wautali uja woletsa akazi kulowa m'magulu omenya nkhondo udayamba kugwetsedwa m'chaka cha 2013, ndipo mu Disembala, 2015, boma lidalengeza kuti ntchito zonse za usilikali zatsegulidwa kwa akazi. Kunja kwa America nakonso zinthu zidayenda. M'chaka cha 2014 Kristin Lund wa ku Norway adakhala mkazi woyamba kutsogolera asilikali osungitsa mtendere a bungwe la United Nations, pa chilumba cha Cyprus. Kuno ku Africa, Fatuma Ahmed wa ku Kenya adakhala Major General m'chaka cha 2018, ndipo Proscovia Nalweyiso wa ku Uganda adakhala Lieutenant General m'chaka cha 2019.

ZOTI TITOLEPO

Omvera athu, pokonza nkhaniyi ndidadzifunsa kuti kodi mlimi wa kumudzi, mphunzitsi wa pulaimale kapena mtsikana wa Fomu 2 apindulanji ndi mbiri ya jenerale wa dziko lakutali chotere. Ndapezapo zinthu zitatu.

Choyamba chikukhudza ife makolo. Mayi Dunwoody ankanena kuti m'nyumba imene adakulira sadamvepo kuti chakuti n'chosatheka kwa mwana wamkazi. Lamulo la dziko linkamuletsa zambiri, koma bambo ndi mayi ake sadawonjezerepo lamulo lawo. Ife sitingasinthe malamulo onse a dziko tili pakhonde, koma mawu amene timalankhula kwa ana athu aakazi, pamene ndalama za fizi zachepa ndipo tikusankha woti apitirize sukulu, amenewo ali m'manja mwathu.

Chachiwiri chikukhudza inu amene mwakhalitsa pa ntchito, asajeni a m'maofesi, a m'zipatala, a m'masukulu ndi a m'magalaja. Tsiku lina adzakutumizirani mwana wongochoka kumene ku koleji, mwina wamkazi, kuti akhale mkulu wanu. Mungathe kumuonerera akulakwitsa, inu n'kumaseka kumbali, kapena mungathe kuchita monga adachitira bambo uja wa ku Fort Sill. Iyeyo sadavalepo nyenyezi ngakhale imodzi, koma dzina lake lidatchulidwa pamaso pa akuluakulu onse a dziko lake ndi munthu amene adamuphunzitsa.

Chachitatu chikukhudza achinyamata amene mwapatsidwa ntchito yooneka yonyozeka, yosunga kaundula, yowerenga matumba m'nyumba ya katundu, kapena yolemba malisiti. Mayiyu adatsekeredwa njira ya ulemu imene anzake aamuna ankadzera, napatsidwa njira ya kuseri, ya katundu ndi mapepala. Adaiyenda zaka 33 asanavale nyenyezi yachinayi, akupinda parachuti iliyonse ngati kuti adzadumpha nayo yekha. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Ngati m'dera lanu muli mayi amene adatsegula njira pa ntchito imene kale inkatchedwa ya amuna okha, kaya ndi usilikali, upolisi, umakaniki kapena kuyendetsa malole, tilembereni kalata mutiuze mbiri yake, kuti tsiku lina tidzakambe za wa kwathu konkuno.